App yolosera masheya nthawi ya zisankho: kalendala yake ndi yabwino, ulosi wake musaulipire

Ma app amtundu uwu achuluka heavy masiku ano, onse akulonjeza chinthu chimodzimodzi, akuti chisankho chikamayandikira m'dziko lililonse iwo akuuzani msanga kuti masheya akwera kapena atsika, inu mungogula kapena kugulitsa basi. Yomwe ndakhala ndikugwiritsa ntchito ine dzina lake sinditchula, koma mukatsegula iliyonse mwa anzakewo mupeza zofanana: kalendala ya zandale, tsamba la mbiri lokhala ndi matchati a zisankho zakale, ka mita kosonyeza kuopsa kwa ndale kamene kamasintha mtundu kuchoka ku green kupita ku red, ndiye pamwamba pa zonse ma signal olipira pamwezi, mauthenga okuuzani kuti gulani kapena gulitsani. Zigawo ziwiri zoyambazo ndi zaulere ndipo ndi zomwe zili ndi phindu. Zomwe amalipiritsazo ndiye zopanda ntchito, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Kalendala kaye. Iyi ndaikonda ndithu chifukwa siimangolemba tsiku lovota lokha, imaikanso masiku a ma primary, tsiku lowerenga bajeti, misonkhano ya banki yaikulu ya dzikolo, komanso tsiku lomwe nyumba ya malamulo ikuvotera nkhani yaikulu. Wina anganene kuti ma primary ndi nkhani ya mkati mwa zipani, msika ukukhudzidwa bwanji, koma funsani amene anali ndi masheya a ku Argentina mu Ogasiti 2019. Lamlungu pa 11 kunali ma primary, Alberto Fernández anamusiya pulezidenti wa nthawiyo Mauricio Macri ndi mapointi oposa 15 pomwe ochita kafukufuku ankati awiriwa ali pafupi, ndiye Lolemba lake msika wa ku Buenos Aires, uja amautcha Merval, unagwa pafupifupi 38 peresenti tsiku limodzi, ukawerengera mu madola ndiye pafupifupi theka la mtengo wonse linapita. Chisankho chenicheni chinali chisanachitike nkomwe, chinali mu Okutobala. Ndiye app ikakuikira tsiku ngati limeneli pa foni sabata zingapo lisanafike, yakuthandiza kale. Nthawi imaisinthira yokha kutengera komwe uli, ka chinthu kakang'ono koma kofunika, chifukwa zotsatira za ku America zimatuluka anthu ambiri kwina ali mtulo.

Tsamba la mbiri ndi pomwe ndimathera nthawi yambiri. Umasankha dziko ndi chaka, imakupatsa tchati, pakati pali mzere wofiira wa tsiku la chisankho, ndiye umakoka ndi chala kumanzere kuona miyezi ya kampeni, kumanja kuona zomwe zinatsatira. Ukadina pa kadontho imakuuza mwachidule zomwe zinachitika tsiku limenelo. Tchati ya India ya 2024 ndi imene ndingauze aliyense kuti ayambire. Kuvota kutatha, kafukufuku uja wofunsa anthu akamatuluka movotera anati nduna yaikulu Narendra Modi apambana moonetsera, Lolemba pa 3 Juni Nifty 50, muyeso wa masheya a makampani akuluakulu a ku India, inakwera kuposa 3 peresenti anthu akusangalala. Mawa lake pa 4 mavoti enieni atayamba kuwerengedwa zinapezeka kuti BJP, chipani cha Modi, yapeza mipando 240 yokha pomwe kuti ulamulire wekha umafunika 272, Nifty inagwa pafupifupi 6 peresenti, masheya a makampani a mponda matiki Adani ndi a makampani a boma ndiye anaphwasuka kuposa pamenepo. Taonani, Modi sanaluze, anakhalabe nduna yaikulu kudzera mu mgwirizano ndi zipani zina, koma msika unali utagula kale chipambano chachikulu ndiye chipambano chaching'ono chinaoneka ngati kuluza. Ukakoka chala pang'ono kumanja ukuona kuti pasanathe ndi sabata yomwe msika unali utabwerera pomwe unali. Amene anagulitsa mwamantha pa 4 paja anangopereka masheya awo motchipa kwa anzawo.

Pa India yomweyo pali zina ziwiri zomwe app yaziika koma sinazilumikize, ine ndinachita kuziika pambali pa zinzake ndekha. Pa 17 Meyi 2004 Sensex, muyeso wina wa masheya a ku India, inagwa pafupifupi 11 peresenti mpaka malonda anaimitsidwa, chifukwa chipani cha Congress chinapambana mosayembekezereka ndipo chinkadalira zipani za chikomyunizimu, anthu anaopa kuti kugulitsa makampani a boma kuima. Pa 18 Meyi 2009 Congress yomweyo itapambananso, Sensex inakwera pafupifupi 17 peresenti, malonda anaimitsidwanso koma ulendo uno chifukwa chokwera kwambiri. Chipani chimodzimodzi abale. Chinasintha nchiyani? Mu 2009 anapambana ndi mphamvu zokwanira kuti asamapemphe kwa achikomyunizimu aja, komanso anthu anali atamuona kale Manmohan Singh akulamulira zaka 5, munthu yemwe anatsegula chuma cha India ali nduna ya zachuma mu 1991. Nkhani imeneyi payokha ikugwetsa mfundo yonse yomwe ma signal a app iyi aimapo.

Chifukwa ma signal ake, ukawayang'ana kwa kanthawi, umazindikira kuti ali ndi lamulo limodzi lobisika: chipani chokonda mabizinesi chikamatsogola akuti gulani, chipani cha kumanzere chikamatsogola akuti gulitsani. Basi. Amangolikuta ndi mawu ambiri ndi ma peresenti a chidaliro omwe sakuuza kuti awatenga kuti. Nthawi zina lamuloli limagwira, sindikana, Claudia Sheinbaum atapambana ku Mexico mu Juni 2024 chipani chake nkutenganso mipando yambiri ku nyumba ya malamulo, masheya a kumeneko anagwa pafupifupi 6 peresenti tsiku lotsatira, ndipo Javier Milei atapambana ku Argentina mu Novembala 2023 masheya a kampani ya mafuta ya YPF anakwera pafupifupi 40 peresenti ku New York. App imaonetsa zitsanzo ngati zimenezi pa tsamba lotsatsa ndi zilembo zikuluzikulu. Koma nanga Lula, wa kumanzere uja wa ku Brazil? Mu 2002 anthu a ndalama ankamuopa zedi, ndalama ya Brazil inagwa mpaka dola imodzi kufika pafupifupi 4 reais chisankho chili pafupi, munthu uja atalowa upulezidenti anaika Henrique Meirelles, yemwe anali mkulu wa banki ya ku America, kukhala gavanala wa banki yaikulu, nkusunga bajeti mwamwambo, ndipo mu 2003 msika wa ku São Paulo unatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Nanga Liz Truss, uja anali nduna yaikulu ya Britain? Ameneyu ndi wa Conservative, chipani chomwe app ingachipatse green osaganiza kawiri, nduna yake ya zachuma Kwasi Kwarteng analengeza pa 23 Seputembala 2022 kudula misonkho ya ndalama zokwana mapaundi 45 biliyoni osanena kuti dzenjelo alikwirira ndi chani, paundi inagwa kufika pansi pa 1.04 pa dola, pomwe sinafikepo mu mbiri yake, chiongola dzanja pa ngongole za boma chinalumpha mpaka Bank of England inachita kulowererapo pa 28 kuti ma fund a penshoni asagwe. Truss anakhala pampando masiku 49 okha. Msika sunayang'ane mtundu wa chipani, unayang'ana masamu.

Ka mita ka red ndi green kaja nakonso kali ndi vuto lake lina, kamakupatsa mtundu umodzi pa dziko lonse ngati kuti masheya onse a m'dziko amayenda mbali imodzi. Brexit ndi umboni. Anthu a ku Britain anavota pa 23 Juni 2016, 52 kwa 48 otuluka mu European Union anapambana, paundi inagwa pafupifupi 8 peresenti tsiku limodzi kufika pomwe inali mu 1985. FTSE 100, muyeso wa makampani akuluakulu pa msika wa ku London, inagwa pafupifupi 3 peresenti koma pasanathe sabata inali itadutsa pomwe inali asanavote, pomwe FTSE 250, ya makampani ocheperako, inagwa kuposa 7 peresenti nkutenga nthawi yaitaliko kuti idzuke. Chifukwa chake nchosavuta, makampani akuluakulu a mu FTSE 100 monga Shell, HSBC, Unilever ndi a migodi ndalama zawo zambiri amazipeza kunja mu madola ndi ndalama zina, ndiye paundi ikagwa phindu lawo likasinthidwa limaoneka lalikulu, pomwe omanga nyumba ndi mabanki odalira anthu a mu Britain momwemo ndi amene analira. Dziko limodzi, tsiku limodzi, ena akukwera ena akugwa. Mita ya mtundu umodzi ikuuza chani pamenepo?

Ndiye pali gawo lina amalitcha masheya opindula ndi wopambana, amakupatsa mndandanda, uyu akapambana gulani awa, uyo akapambana gulani awo. Kwa tsiku limodzi kapena awiri zimaoneka ngati zoona, pa 6 Novembala 2024 Donald Trump atapambana muyeso wa masheya a makampani akuluakulu a ku America wotchedwa S&P 500 unakwera pafupifupi 2.5 peresenti, Tesla pafupifupi 15 peresenti, mabanki anakwera, makampani a magetsi a dzuwa anatsika, mndandanda unagwira bwinobwino. Koma munthu sugula masheya kuti usunge tsiku limodzi lokha, pokhapokha ngati ndi ntchito yako yokhala pa kompyuta tsiku lonse. Ukayang'ana zaka zinayi nkhani imatembenuka moseketsa. Trump mu ulamuliro wake woyamba ankayamikira mafuta ndi malasha tsiku ndi tsiku, koma masheya a makampani a mafuta ndi amene anachita moipa kwambiri nthawi imeneyo, mpaka mu Epulo 2020 mtengo wa mafuta a ku America unatsika pansi pa ziro corona itaimitsa dziko. Joe Biden anabwera ndi nkhani za kusintha kwa nyengo, aliyense nkumati mafuta atha, koma mu 2021 ndi 2022 makampani a mafuta omwewo ndi amene anatsogola pa msika wonse chifukwa anthu anayambanso kuyenda ndipo Russia inalowa mu Ukraine, pomwe a magetsi a dzuwa ndi mphepo anavutika chifukwa chiongola dzanja chinakwera ndipo iwo amadalira ngongole. Mtengo wa mafuta padziko lonse ndi Federal Reserve, banki yaikulu ya America, zinali ndi mphamvu kuposa zolankhula za pa msonkhano wa kampeni. Izi app siinena paliponse, olo mu timawu tating'ono ta pansi.

Za kuchedwa nazo ndinene. Signal imafika msika utayenda kale. Sikuti ndi ulesi wa eni app okha ayi, ndi momwe zinthu zilili, makampani akuluakulu ali ndi makompyuta omwe amawerenga nkhani nkugula mu kamphindi kosakwana sekondi, ndiye uthenga woti ufike pa foni yanu, muutsegule, mulowe kwa broker, kampani yomwe mumagulirako masheya, mtengo womwe akunenawo unapita kalekale. Zili ngati wolosera zanyengo amene akukuimbira kuti kubwera mvula iwe utanyowa kale. Komanso mayendedwe oyamba nthawi zambiri ndi abodza. Usiku wa pa 8 Novembala 2016 zitayamba kuoneka kuti Trump akumugonjetsa Hillary Clinton, malonda ogwirizana za mtengo wa m'tsogolo omwe amawatcha ma futures a S&P 500 anagwa 5 peresenti mpaka kufika pa malire pomwe amaimitsa, dziko lonse linkati mawa kuli maliro pa msika, koma pofika madzulo a pa 9 msika unatseka utakwera kuposa 1 peresenti, anthu atayamba kuwerengera za kudula misonkho ya makampani. Signal ya gulitsani ya pakati pa usiku ikanakupweteketsani, ya gulani ya m'mawa ikanakupezani mwagulitsa kale.

Tsamba la ziwerengero ndi lokongola, matchati amitundumitundu, ndipo ndi lomwe limakopa anthu kwambiri ndikuganiza. Muli mfundo ija ya Yale Hirsch, wofufuza mbiri ya msika wa masheya, yoti msika wa ku America umatsata zaka zinayi za pulezidenti ndipo chaka chachitatu ndiye chimakhala chabwino kwambiri, mulinso ija yoti S&P 500 ikakwera miyezi itatu chisankho chisanachitike chipani cholamula chipambana. Zosangalatsa kuwerenga, koma tawerengani zisankho zake, kuchokera 1928 kufika 2024 ndi zisankho 25 zokha, ndipo mkati mwakemo muli nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kugwa kwa makampani a intaneti mu 2000, mavuto a mabanki a 2008 pomwe S&P 500 inataya pafupifupi 38 peresenti chaka chimodzi, ndi corona ya 2020. Kodi 2008 tinganene kuti msika unagwa chifukwa cha chisankho? Mesa ndi kugwa kwa banki ya Lehman Brothers ndi ngongole za nyumba zija. Mu 2020 namonso msika unakwera kwambiri mu Novembala, app imalemba kuti ndi chifukwa cha zotsatira za chisankho, osatchula kuti pa 9 mwezi womwewo Pfizer inalengeza kuti katemera wake akugwira ntchito. Ndipo lamulo la miyezi itatu lija mu 2024 linalephera, msika unakwera koma chipani cholamula chinaluza. Pa tsambali chaka chimenecho angochilemba ndi ka nyenyezi kakang'ono, kkkk.

Chomwe chikusoweka kwambiri mu app yonseyi, kwa ine, ndi ndale zomwe sizikhala pa kalendala. Zambiri zomwe zimagwedeza msika sizichitika tsiku lovota. Pa 9 Disembala 2015 pulezidenti wa South Africa wa nthawiyo Jacob Zuma anangochotsa nduna ya zachuma Nhlanhla Nene usiku nkuikapo Des van Rooyen yemwe anthu ambiri sankamudziwa, randi inadutsa 15 pa dola koyamba, masheya a mabanki ku Johannesburg anagwa koopsa, patangotha masiku anayi Zuma anabweza maganizo nkuika Pravin Gordhan. Ku Turkey mu Malichi 2021 pulezidenti Erdoğan anachotsa gavanala wa banki yaikulu Naci Ağbal patangopita masiku awiri atakweza chiongola dzanja, msika wa ku Istanbul unagwa pafupifupi 10 peresenti Lolemba lake. Ndipo amene anasangalala ndi kukwera kwa Novembala 2024 kuja anakumana nazo mu Epulo 2025, Trump atalengeza pa 2 misonkho ya katundu wolowa mu America kuchokera pafupifupi maiko onse, S&P 500 inataya kuposa 10 peresenti masiku awiri, kenako pa 9 ataimitsa yambiri mwa misonkhoyo kwa masiku 90 inalumpha 9.5 peresenti tsiku limodzi. Munthu yemweyo, msika womwewo. Zonsezi zikukhudza zinthu zochepa zomwe a ndalama amaziyang'anadi: ndani akugwira chuma cha boma, banki yaikulu ili pa ufulu kapena ikulamulidwa, ngongole ibwezedwa bwanji, misonkho ndi malamulo a malonda zisintha motani, makhothi akugwirabe ntchito kapena ayi. App ikanakhala ndi gawo lotsata zimenezi, olo longolemba kuti nduna yasinthidwa kapena gavanala akukangana ndi pulezidenti, bwenzi ndikulipira mosadandaula.

Tizinthu tina tating'onoting'ono totopetsa. Ma notification ndi ochuluka mopitirira, kafukufuku aliyense watsopano olo atasuntha ndi pointi imodzi foni ikulira, ndipo batani lozimitsira analibisa mkati mwa ma settings atatu. Imadya batire ndi data kwambiri ukasiya matchati ali otsegula. Nkhani za maiko akuluakulu monga America, Britain, India ndi Brazil ndi zodzadza bwino, koma ukasankha dziko laling'ono umapeza tsiku la chisankho lokha ndi ndime imodzi yooneka kuti anangokopera penapake. Kusiya kulipira nakonso ndi ntchito, mu app mulibe batani lake, umachita kupita pa webusaiti yawo nkuyankha mafunso angapo okunyengerera kuti usachoke.

Koma chomwe chinandinyansa kwenikweni ndi batani lobiriwira lomwe limabwera pansi pa signal iliyonse, lolembedwa kuti chitanipo kanthu pompano, ukalidina limakutengera kwa broker wina wa ma CFD komwe umachita malonda ndi ndalama zobwereka kuwirikiza kambirimbiri pa zomwe waika. Apa ndi pomwe ndinamvetsa komwe eni app amapezera ndalama zenizeni. Usiku wa chisankho ndi nthawi yoipitsitsa yochitira zimenezo, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira kumakula, mtengo umatha kudumpha osadutsa pa stop loss yako, malire omwe unaika kuti akutsekere ukayamba kuluza, ndiye imakutsekera patali ndi pomwe unaika, ndipo ngati wabwereka kuwirikiza 20, msika ukangopita 5 peresenti mbali yolakwika zako zonse zatha, olo utabwerera m'mawa ngati mu 2016 muja iwe ulibenso kanthu. Ma broker amenewa ku Ulaya amakakamizidwa ndi lamulo kulemba poyera kuti ambiri mwa makasitomala awo amaluza ndalama, ndipo chenjezo limenelo lilipo ndithu, koma pa tsamba la broker, mu app mulibe.

Ndiye ndani angaitenge? Ngati muli ndi masheya kapena fund ya kunja ndipo mukufuna kudziwa kuti sabata iti kukhala phokoso kuti musadzidzimuke mukaona zofiira, tengani ya ulereyo, zimitsani ma notification onse kupatula a kalendala. Ngati ndinu wophunzira za chuma kapena mumangokonda kumvetsa zinthu, tsamba la mbiri lija ndi sukulu yabwino, bola muziwerenga matchatiwo nokha mpaka miyezi 6 kapena chaka kutsogolo, osangoima pa tsiku lotsatira chisankho pomwe app imakonda kuimitsira, pali ka batani pakona yakumanja kosinthira kutalika kwa nthawi, ambiri sakaona. Ngati mukufuna wina wokuuzani chogula usiku wowerenga mavoti, iyi siikuthandizani, ndipo anzake omwe ndawayesako ali chimodzimodzi. Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 4 pa kalendala ndi mbiri, 1 pa ma signal, ndipo amene mwalembetsa kale ya trial ija muisiye tsiku lisanakwane chifukwa amadula okha pa khadi osakufunsani.